Nkhalamu Yopita ku Joni

Ine pakamwa panga m'pothamanga. Amayi anga ankandiuza ndili mtsikana kwathu ku Dedza kuti lilime langa limadzuka m'mamawa makutu akadali m'tulo, ndipo sankanama. Ndayamba ndi kuulula zimenezi kuti mukamva zomwe ndinachita ku Mzimba musadabwe kwambiri.

Tinasamukira pa Boma chifukwa cha ntchito ya bambo a kunyumba. Ine n'kuti nditasiya choko, nditaphunzitsa ana a sitandade 2 kwa zaka zambirimbiri, ndiye zokhala pakhonde n'kumayang'ana makabaza akudutsa zinkandidwalitsa mutu. Chitumbuka changa chinali cha mawu atatu basi: yewo, chomene ndi mbwenu. Ndi atatu omwewo ndinkagulira tomato, kulonjera aneba, ngakhale kupepesa pamaliro. Anthu ankandimvera chisoni n'kumandiyankha m'Chichewa, ine n'kumadzitama kuti dera ndalizolowera.

Sukulu zitatsekera mu Ogasiti, ana a m'dera lathu ankangozungulira m'fumbi tsiku lonse, mphepo ikuwang'amba milomo. Mtima wauphunzitsi unandiyabwa. Ndinapita kwa akuluakulu a kumpingo kukapempha chipinda cha Sande sukulu kwa milungu iwiri. Ndinawauza kuti ndikufuna ana azibwera m'mawa uliwonse, tizijambula nyama ndi penti, zina tizizimata pamakatoni ndi tizidutswa ta nsalu ndi mapepala. Mkulu wina anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Kumata nyama, amama?"

Ndinati eya, kumata nyama. Kiyi anandipatsa, koma nkhope yawo inkaonetsa kuti akandipempherera.

Mlungu wonse ndinasanduka wotolatola. Kumagolosale ndinapempha makatoni ndi mathireyi a mazira. Kwa akalipentala ndinakakokola utuchi wa matabwa a paini. Mnzanga wina, mayi watelala wa pamsika, wobadwira ku Mzimba komweko, anandisungira thumba lodzaza ndi tizidutswa ta zitenje. Penti ndinagula waufa, wofiira, wachikasu ndi wabuluu. Wakuda tinkasinja makala, wofiirira tinkasungunula dothi lakatondo. Maburashi enieni anali atatu okha, ena tinamanga ndi khonje ndi nthenga za nkhuku. Guluu ndiye ndinkaphika ndekha, phala lopyapyala la ufa wa chinangwa. Bambo a kunyumba atalipeza pambaula tsiku loyamba anafunsa ngati m'nyumba muli wodwala.

Ndinkayembekezera ana khumi. Abale inu! Nditafika ndi kiyi wanga ndinapeza khonde lonse ladzaza, ena atabereka azing'ono awo, ena atakwera pazenera kusuzumira m'kati. Ndinadziuza chamumtima kuti walira mvula walira matope, n'kutsegula chitseko.

Matope ndiye analipodi. Pofika Lachitatu makoma a Sande sukulu anali ndi zala zabuluu, ine ndili ndi utuchi mpaka m'duku, ndipo guluu ankatha msanga chifukwa ang'onoang'ono ankamunyambita ndikatembenuka. Koma zimene zinkatuluka m'manja mwa ana amenewo! Ng'ona ya thireyi ya mazira, msana wake mabampumabampu, mano ake a mpunga. Nungu ya masamba ouma a paini amene mwana wina anatola ku Chikangawa kwa amalume ake. Kamba wa makoko a mtedza. Mbidzi ya nyuzipepala, mizere yake ikuwerengeka nkhani za mpira. Nkhanga yodonthezedwa ndi mankhwala otsukira mano, moti mayi wina anabwera kudzafunsa amene anafinya chubu chake chonse. Pa ng'ombe ndiye ndinagonja. Ndinajambula yanga pabolodi kuti aziona, chipinda chonse n'kuyamba kung'ung'udza kuti nyangazo n'za mbuzi. Ana a ku Mzimba musamawaphunzitse ng'ombe. Ankakangana za linunda ndi mtundu wa chikopa ngati madoda ali pakhola, ine n'kufufuta yanga ija mwakachetechete.

Ndinkabwerera kunyumba mawu atasasa, miyendo ikuwawa, koma ndikuimba. Zaka zonse za choko sindinasangalalepo chotero, ndikunena zoona.

Pakati pa phokoso lonseli panali kamtsikana kena ka zaka ngati zisanu ndi zitatu, kokhala pafupi ndi chitseko. Sikankalankhula. Ndikakafunsa kanthu kankangogwedeza mutu, maso ali pansi. Chimene chinkandikopa maso chinali madiresi ake. Onse anali okongola, atsopano ndithu, a nsalu yabwino yosapezeka pamsika wathu, koma onse anali aang'ono. Ankamuthina m'khwapa, kutsika osafika m'maondo, ndipo zipi yakumbuyo ankaigwiriza ndi pini. Chamumtima ndinkawadzudzula amayi ake kuti kodi maso alibe. Koma mwanayo akagwira sizasi, manja ake sankanjenjemera. Ankadula motsata mzere, pang'onopang'ono, lilime lili pakona ya mlomo.

Lolemba la mlungu wachiwiri ndinalengeza nkhani yaikulu. Aliyense asankhe nyama imodzi, aipange pakatoni yaikulu, ndipo Loweruka tidzaitana makolo kudzaona. Ana anakuwa mpaka malata kulira.

M'mawa womwewo, ndisanatsegule chitseko, panali patadutsa gogo wina wa ndodo, msana utapindika. Anyamata awiri anayamba kumutsanzira kayendedwe kumbuyo, anzawo akuseka. Ndinawakalipira kwambiri, ndipo mkwiyowo unali usanandithere pamene ndinayamba kuzungulira ndi kope kulemba nyama ya aliyense. Kunja mphepo inkawomba, lata lina lomasuka likumenya denga.

"Iwe upanga chiyani?" Njovu. "Iwe?" Tambala. "Iwe?" Ng'ombe ya adada. Ndinafika pa kamtsikana ka pachitseko kaja, ndikuyembekezera kuti kangogwedeza mutu ngati masiku onse. Koma kanadzutsa nkhope, kanameza malovu, n'kunong'ona liwu limodzi. Kanali koyamba kumva mawu ake.

Ine ndinamva kuti, "Nkhalamba."

Magazi anandithamangira kumutu. Ndinaganiza kuti nakonso kalowa m'masewera a anyamata aja.

"Wati chiyani? Nkhalamba? Nkhalamba ndi nyama? Agogo ako ali ndi mchira? Masiku onsewa uli duu, lero watsegula pakamwa kuti utukwane akuluakulu?"

Chipinda chonse chinaphulika ndi phwete. Ena anagwa pamabenchi, ena akumenya makatoni. Mtsikana wina wamkulupo anaimika mkono. "Madamu, sanati..." Ndinamudula. "Chete! Palibe woikira kumbuyo mwano muno." Kamtsikana kaja kanabisa nkhope m'manja. Sikanalire mokweza ayi, mapewa okha ndiwo ankagwedezeka, pini ija ikukoka nsalu kumsana. Nthawi yoweruka isanakwane, pamalo pake panali patatsala sizasi yokha.

Lachiwiri sikanabwere. Ine ndinati kachita manyazi, kaphunzirapo kanthu.

Masana ake ndinapita kumsika kukatenga nsalu zina kwa mnzanga watelala uja, ndipo ndinamufotokozera nkhaniyo monyadira, ngati munthu amene wawongola mtengo ukadali waung'ono. Iye ankapalasa makina ake, mapini ali kukamwa. Mwadzidzidzi phazi linaima.

"Mwati anati chiyani?"

"Nkhalamba."

Analavulira mapini m'dzanja. "Anati nkhalamba, panji anati nkhalamu?"

"Aaa, si chimodzimodzi? Lilime lanu la kuno limameza zilembo."

Mayi ameneyo anaseka mpaka kugonetsa mutu pamakina. Anaseka mpaka wogulitsa zipi wa pafupi anabwera kudzaona ngati kwagwa zovuta. Atapeza mpweya anapukuta misozi ndi kansalu ka kasitomala.

"Anzanga, nkhalamu ndi mkango! Mwana ankafuna kupanga mkango!"

Mayo ine! Ndinakhala pathumba la nsalu lija osaitanidwa. Ndiye kuti ana onse aja ankaseka ine, mphunzitsi wa zaka zambirimbiri wofunsa ngati agogo ali ndi mchira, koma mwanayo ankaona ngati akuseka iye. Liwu limodzi lokha limene anandipatsa, ine n'kumumenya nalo kumaso. Safunsa anadya phula, ndipo langa ndinadya pamaso pa chipinda chonse.

Nditamufotokozera za madiresi othina, mnzangayo anasiya kuseka. Ankamudziwa mwanayo, chifukwa ndi iye amene ankamasula misoko ya madiresiwo mpaka nsalu kutha. Anati banjalo linachokera kumudzi cha ku Luwawa chaka chomwecho, n'chifukwa chake Chichewa chinali chisanakhazikike pakamwa pa mwanayo. Bambo ake anapita ku Joni iye ali ndi zaka zitatu, ndipo anali asanabwereko. Anandilongosolera njira ya kwawo, kuseri kwa chigayo, kenaka anandiphunzitsa mawu opepesera. Anandibwerezetsa kasanu, akundikonza ngati mwana wa sitandade 1.

Lachitatu ndinalawirira pakabaza. Njira yonse ndinkayeseza mawu aja chapansipansi, mpaka wakabaza anatembenuka n'kunena kuti, "Palibe chimene mwandilakwira, amama."

Nyumbayo sindinachite kufunsa. Pachingwe panali patayanikidwa bulangete lalikulu, lonenepa, la ku Joni, ndipo pakati pake panali nkhope ya mkango, ubweya wa m'khosi uli yangayanga, maso ali pa ine. Ndinaima pamenepo ngati wakuba wogwidwa.

Amayi ake anali akutsuka mbale. Anandipatsa mpando, tinalonjerana, ine n'kuulula zonse osabisa. Sanakwiye, anangoseka pang'ono mwaulemu, n'kuyamba kundifotokozera m'Chichewa chawo chosakaniza.

"Bulangete ilo adada wake ndiwo anatumiza. Amagona nalo, ngakhale kutenthe. Atamva kuti kutchalitchi kuli kumata nyama, mbwenu anati apanga nkhalamu yake, ipite ku Joni kwa adada. Watransipoti amene amatitengera katundu akunyamuka Lachisanu masana. Mwana wakhala akuwerenga masiku."

Ndinafunsa za madiresi, ulendo uno mofatsa. Anapukuta manja pachitenje.

"Amatumiza, Madamu, saiwala yayi. Zithunzi pafoni timawatumizira, kweni pafoni munthu aliyense ngwamng'ono. Iwo akalowa m'sitolo amagulira mwana amene anamusiya. Ndikawauza kuti wakula, amawonjezera pang'ono, likafika kuno mbwenu wakulanso. Iye safuna kuvala zina. Amati n'za adada."

Mwanayo anali m'nyumba, kuseri kwa nsalu ya pakhomo. Ndinkangoona zala za kumapazi. Ndinagwada pakhomopo, ine mayi wamkulu wa maondo olira, n'kunena zimene anandiphunzitsa.

"Nananga, mwana wane. Unigowokere."

Ndiye kuti ndalakwa mwana wanga, undikhululukire. Ndinawonjezera m'Chichewa kuti makutu anga ndiwo nkhalamba, kuti katoni yake yaikulu ndamusungira, ndi kuti Lachisanu likadali kutali tikayamba msanga. Zala zija zinapindika, kenaka zinabwerera m'kati. Sanatuluke. Ndinakwera kabaza mtima uli pansi, ndikuwerenga kuti kwatsala masiku awiri.

Nditafika m'chipinda ndinaimitsa ntchito yonse. Ndinawauza ana kuti wolakwa Lolemba ndinali ine, ndipo lero mphunzitsi ndi iwo. Ndinagawa bolodi pakati, uku Chichewa uku Chitumbuka. Koma ndiye anandiphunzitsa ndi mtima wonse! Njovu ndi zovu. Fisi ndi chimbwi. Mkango, onse pamodzi mokuwa, nkhalamu! Nditaloza galu, anakuwa kuti, "Ntchewe!" Ine Mchewa wa ku Dedza lilime linanyamuka kale kuti ndifunse amene akumutcha galu, koma ndinaliluma. Ndinafunsa bwinobwino kuti abwereze, n'kulemba pabolodi chilembo ndi chilembo. Anandiombera m'manja.

Kaya nkhani imeneyi ndiyo inakafika kuseri kwa chigayo, kaya ndi maondo anga aja, sindikudziwa. Koma Lachinayi m'mawa, ndikutakasa guluu, ndinangoona mthunzi pachitseko. Anali iye, jumbo yakuda ili m'manja. Mtima wanga unadumpha, koma ndinadzigwira kuti ndisamuthawitse ndi chisangalalo. Ndinangomuikira katoni yake patebulo langa, pamodzi ndi sizasi ndi burashi imodzi mwa zitatu zenizeni zija.

Anayamba ndi nkhope. Anasakaniza penti wachikasu ndi dothi lakatondo mpaka mtundu unamukhutiritsa, n'kujambula chinkhope chachikulu pakati pa katoni. Kenaka anamasula jumbo ija. Munali diresi lofiirira ngati lalanje, latsopano, likadanunkhira sitolo, laling'ono loti mwina mwana wa zaka zisanu. Analiyala patebulo n'kutenga sizasi.

Lilime langa linafika kale pamano. Diresi latsopano, la ku Joni, kulidula? Ndinapuma kaye.

"Amama ako akudziwa?"

"Enya," anayankha, akugwedeza mutu kuvomera.

Anaika dzanja lake lamanzere pansaluyo, zala atazitambasula, n'kulizunguliza ndi choko. Anadula motsata mzere, chala ndi chala. Dzanja la nsalu linagwera patebulo. Anaikanso dzanja pena, kuzunguliza, kudula. Ana ena anayamba kusiya ntchito zawo mmodzimmodzi n'kudzaima mozungulira, chipinda chimene chinkalira ngati msika chili zii. Manja atakwana khumi ndi awiri, diresi linali litatsala kolala ndi zipi. Anawapaka guluu n'kuwamata mozungulira nkhope ija, zala zikuloza kunja, lina pamwamba pa linzake.

Ha! Ubweya wa m'khosi! Mkango unangotulukira pakatonipo, wamoyo, ukuyaka. Ana anakuwa, wina anayamba kulira ngati mkango, ena n'kumutsatira, mpaka mlonda wa patchalitchi anasuzumira pazenera. Mabatani awiri a diresi lomwelo anasanduka maso. Ndevu anadula ku burashi ya khonje. Ine ndinkangozungulira tebulo ndikuomba m'manja ngati ndapenga.

"Koma mwana iwe! Nzeru imeneyi waitenga kuti?"

Anayang'ana mkango wake, osati ine, n'kulankhula Chichewa chake chochita kutola.

"Adada aone dzanja langa. Lakula."

Ndinapita pakona kukatakasa guluu amene sankafunika kutakasa, kuti ana asaone maso anga.

Lachisanu kunacha koipa. Kumwamba kunali kotuwa, kamvula kowaza kakugwa, kuzizira ngati Juni wabwerera. Titatsegula chipinda tinapeza mkango uli chinyowere. Mwanayo anali atapaka guluu wambiri poopa kuti manja angagwe panjira, ndipo phala la chinangwa likachuluka siliuma msanga. Ukakhudza dzanja limodzi linkatsetsereka. Watransipoti ankanyamuka masana.

Ndiulule tchimo lina. Mbali ina ya mtima wanga inakondwa. Chinali chithunzi choposa zonse, ndipo ndinkafuna makolo adzachione Loweruka, makamaka mkulu wa magalasi uja. Ndinayesa mwaulemu.

"Bwanji tiusunge mpaka mawa, uume bwino, anthu auone? Udzapita ulendo wina."

Anangoyala manja ake awiri pamwamba pa katoniyo, osaikhudza, ngati nkhuku yofungatira. Ulendo wina unali mwezi wamawa, ndipo iye anali atadikira kale zaka zisanu. Manyazi anandigwira kachiwiri mlungu umodzi.

"Chabwino," ndinatero. "Aliyense atenge katoni. Tikupiza!"

Tinakupiza, abale. Ana makumi angapo atazungulira tebulo, makatoni ali m'mwamba ndi pansi, utuchi ukuuluka, nthenga za tambala wa mnzawo zikubalalika, wina akuimbitsa nyimbo kuti tiyendere limodzi. Patatha ola manja athu anali atalema koma manja a mkango akadali onyowa. Ndipamene ndinakumbukira ayironi ya makala ya mnzanga watelala.

Tinauphimba ndi pulasitiki n'kutuluka. Mwanayo kutsogolo atanyamula mbali imodzi, ine mbali inayo, gulu lonse pambuyo, nkhope zili penti yekhayekha. Makabaza ankaima kutipatsa njira. Amayi a tomato ankafunsa kuti kodi n'chikwati kapena n'chiyani, ana n'kumayankha kuti, "Nkhalamu ikupita ku Joni!"

Mnzangayo sanafunse zambiri. Anachotsa malaya a kasitomala patebulo, anayala nyuzipepala pamwamba pa mkango, anauzira makala, n'kuyamba kusita pang'onopang'ono, dzanja ndi dzanja. Nthunzi inkakwera, shopu yonse n'kununkhira chinangwa chootcha. Mwanayo ankaluma chala, maso ali pa ayironi. Atachotsa nyuzipepala, manja onse khumi ndi awiri anali atagwira nganganga. Chala chimodzi chokha chinapserera pang'ono kunsonga, ndipo mwini wake anati zilibe kanthu.

Pansi pa katoni panali malo. Ndinatulutsa cholembera.

"Ndilembe kuti chiyani apa?"

Anandiyang'ana m'maso koyamba. Pakona ya mlomo panagwedezeka.

"Nkhalamba," anatero.

Shopu inagwa ndi phwete, ndipo ulendo uno woyamba kuseka anali iye. Anaseka mpaka pini ya kumsana inamasuka. Ine ndinaseka nawo misozi ili mbwembwembwe, kenaka ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu, mosalakwitsa ngakhale chimodzi: NKHALAMU.

Galimoto tinaipeza ikumangidwa zingwe zomaliza. Ngolo yake inali itasenza matumba a ufa, nyemba, usipa ndi timitolo tolembedwa manambala a foni, zonse zopita kwa abale a ku Joni. Amayi a mwanayo anali pomwepo, akuyang'ana uku ndi uku. Watransipotiyo, bambo wamkulu thupi wa chipewa chaubweya, ataona katoni yathu anapukusa mutu.

"Malo atha, amama. Ichi chikaphwanyika tisanafike n'komwe pa Jenda."

Apa ndiye pakamwa panga panagwira ntchito yake yoyenera. Ndinamuuza za diresi, za zaka zisanu, za ayironi, zonse mpweya umodzi, ndikumalizira ndi ndapota nanu. Bamboyo anachotsa pulasitiki kuti aone chimene tikuchitira phokoso. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anayang'ana manja a mwanayo, n'kuyang'ananso mkango. Anatsegula chitseko cha kutsogolo, anachotsa jekete lake kuseri kwa mpando, anaika mkango pakati pa makatoni awiri n'kuulowetsa pamenepo, malo amene amasungapo mapepala a pachipata. Galimoto itanyamuka ana anaithamangira mpaka pakona, akulira ngati mikango.

Loweruka makolo anabwera ambiri kuposa mipando. Ng'ona, nungu, mbidzi ndi ng'ombe zisanu ndi imodzi zinali pakhoma, ndipo madoda anaima pa ng'ombezo n'kumakangana za nyanga ngati ana awo omwe. Pakati pa khoma ndinasiya malo opanda kanthu, n'kumatapo kapepala kakuti, "Nkhalamu yapita ku Joni." Mkulu wa magalasi uja anawerenga, n'kundifunsa ngati inali ndi pasipoti. Mwini wake anaima pansi pa kapepalako tsiku lonse, akufotokozera aliyense wofunsa, Chichewa ndi Chitumbuka zikuthamangitsana pakamwa.

Panapita mlungu ndi masiku angapo. Tsiku lina masana ndikusankha nyemba pakhonde, ndinamva odi. Anali iye ndi amayi ake, foni ili m'manja. Anati pali mawu amene abwera kuchokera ku Joni, ndipo mwana waumirira kuti Madamu awamve.

Poyamba munkangomveka magalimoto a kutali. Kenaka kupuma kwa munthu. Tinadikira. Mawu a bambo ake anatuluka otsika, onjenjemera.

"Mwana wane... agha ni mawoko ghako nadi?"

Limeneli sanachite kundimasulira. Amafunsa ngati manjawo ndi akedi. Zotsatira ndiye amayi ake ankandinong'oneza. Anati mkango uja waupachika pamwamba pa bedi. Anati anaika chikhatho chake pa dzanja limodzi, n'kupeza kuti zala za mwana zikufika pakati pa zala zake, pamene iye ankakumbukira kadzanja kotha kubisika m'chibakera chake. Anayamba kunena china koma sanamalize, uthenga n'kuthera pomwepo. Mwanayo anaubwereza katatu, foni ataigunditsa kukhutu.

Sukulu zinatsegulira, chipinda ndinabweza nditatsuka makoma, ndipo masiku anapita. Kutayamba kutentha, chakumapeto kwa Okutobala, ndinamva kuitana kuchipata.

"Madamu! Madamu!"

Ndinatuluka ndi thovu la sopo m'manja. Mwana uja anali ataima pakati pa bwalo, atavala diresi labuluu latsopano. Koma kukula kwake! Linkafika mu akakolo, mapewa akugwera m'mikono, lamba atamuzunguliza kawiri. Munkatha kulowa iye ndi mnzake.

"Iii, mwana wanga, koma ndiye lakongola! Tiye kwa atelala akalibweze pang'ono, mawa lomwe likhala lokukwana."

Anagwira nsaluyo ndi manja onse awiri n'kubwerera m'mbuyo.

"Yayi, Madamu, asalidule. Adada ati ndikuliremo. Ati ulendo uno atsogole ndi iwo, ndisawasiyenso m'mbuyo."

Anazungulira kamodzi kuti ndilione bwino, diresi likusesa fumbi la pabwalo. Ine wa pakamwa pothamanga ndinangoima pamenepo, thovu likuuma m'manja.